Utsi wa ku Ulaya, mtengo wa pa Chia

Galaji yanga ili pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi mlatho wa Chia pa msewu wa M5, pomwe anyamata amakweza chambo m'mwamba kuti apaulendo aime. Ntchito yanga ndi injini za dizilo: ma Canter onyamula nsomba ndi mpunga, ma Hiace a pakati pa Salima ndi Nkhotakota, mwa apo ndi apo injini ya chigayo. Masiku ano amanditenganso pokagula galimoto. "Amisiri, tiyeni mukaimvere, ndingataye ndalama."

Penti sindiyang'ana. Ndimauza wogulitsa kuti galimotoyo igone osailiza, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. M'mawa ikalira ndimaima kumbuyo. Utsi wakuda ndiye kuti mafuta achuluka kapena mpweya wachepa, mwina manozo atha, mwina fyuluta yadzaza fumbi, ndipo zimenezo n'zokonzeka. Wabuluu ndiye kuti ikudya oilo, mtengo utsike pomwepo. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha, ndimakayikira gasiketi. Pomaliza ndimamasula chotsekera oilo n'kungochikhazika pamwamba. Chikayamba kuvina, mkatimo mwatopa.

Utsi umene unagwetsa mitengo ya magalimoto a dizilo kunja sunali wooneka ndi maso ngati umenewu. Mu September 2015 bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA linaulula kuti Volkswagen inaika chinyengo mu kompyuta ya injini zake za dizilo. Galimoto inkazindikira kuti ili pa mayeso n'kudziyeretsa, ikalowa pamsewu n'kumatulutsa mpweya woipa wa NOx mpaka kuchulukitsa ka 40 mlingo wololedwa. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto otere analipo pafupifupi 11 miliyoni. Ku America ambiri inawagulanso kwa eni ake, ku Ulaya inawaitana kukasintha pulogalamu. Ogula anayamba kuikayikira dizilo. Mu 2019 mzinda wa London unayamba kulipiritsa mapaundi 12.50 patsiku galimoto ya dizilo yosafika pa mlingo wa utsi wa Euro 6 ikalowa pakati pa mzindawo. Mwini wake atani? Amagulitsa motchipa, ndipo poti chiwongolero chili kumanja ngati kwathu kuno, zina zimakwera sitima.

Zikafika kuno, za kalata yoitanira galimoto kukakonzedwa palibe amafunsa. Funso ndi limodzi: masipeya ake apezeka ku Biwi, ku Lilongwe? Apa ndi pomwe galimoto ya dizilo yamakono imagwa mtengo kachiwiri. M'paipi yake ya utsi muli sefa, DPF, yomwe imasunga mwaye n'kumauwotcha galimoto ikathamanga mtunda wautali osaima. Tsono pa msewu wathuwu, kuzemba maenje, kutsitsa thumba la mpunga apa, kukweza dengu la usipa apo, idzawotcha liti? Imatsekeka, nyali yachikasu imayaka, mphamvu n'kutha. Onjezanipo dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, wina wothira parafini, wina wamadzi. Manozo a kompyuta sapirira zimenezo, ndipo imodzi yokha imadya phindu la maulendo angapo a ku Lilongwe. Makina ofufuzira vutolo ine ndilibe, ndiye mwini wake alipire lole yoikokera kutauni asanagule ndi bawuti yomwe.

Pomwe Hilux yakale ya injini ya 3L kapena 5L, ya pampu yopanda kompyuta, ndimaiphwasula pa chiguduli n'kuimanganso ndi masipanala anga. Yadutsa zaka 20, kumbuyo dzimbiri la madzi a nsomba, koma ikangomveka kuti ikugulitsidwa, anthu amaimbirana mafoni usiku womwewo. Mu January 2024 Toyota nayo inaimitsa kaye kutumiza magalimoto ena a dizilo, Hilux ndi Hiace momwemo, zitadziwika kuti mayeso a mphamvu ya injini zake sanayende mwachilungamo. Pa Chia pano sindinamve wina atatsitsa ngakhale tambala.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ena anagulitsa galimoto pa ndalama zoposa zomwe anagulira, n'kumayenda monyada kuti apindula. Ndimawauza kuti, bambo, tengani ndalamazo mukaitanitse ina yonga yomweyo kudzera ku Dar es Salaam, mulipire msonkho wa MRA, mudzandiuze zatsala zingati.

Ambiri amabwera ndi pempho loti ndichotse sefa ya DPF ija ndi kutseka EGR, valavu yobwezera utsi mu injini. Galimoto imapepukadi. Koma ine ntchitoyi siindisangalatsa, poti mwaye wonsewo umakathera pamaso pa amayi okazinga nsomba m'mbali mwa msewu, ena ali ndi mwana kumsana. Ndimamuchenjezanso mwini wake kuti tsiku logulitsa, wogula wa ku Lilongwe akabwera ndi makina ake n'kupeza kuti paipi inadulidwa, adzatchula mtengo ndi iyeyo.