Linga la Yeriko ndi Agogo Anga

Tili ana, agogo akazi ankatikhazika pamkeka madzulo n'kutisimbira za Yeriko. Akafika poti ansembe aomba malipenga tsiku lachisanu ndi chiwiri, ankadzuka n'kuomba m'manja: "Linga lonse gumu!" Ine ndinkagona ndikumva nthaka ikunjenjemera.

Kuwerenga n'kumene kunandiputira mavuto. Ndinapeza kuti pa chitunda cha Tell es-Sultan, pomwe panali Yeriko wakale, John Garstang anakumbapo kuyambira 1930 mpaka 1936. Ataona makoma akugwa ndi phulusa, analengeza kuti ndi omwe aja a m'buku la Yoswa, a cha m'ma 1400 Yesu asanabadwe. Mtima wanga unakhala pansi.

Koma Kathleen Kenyon, yemwe anakumba pomwepo pakati pa 1952 ndi 1958, ataunika mapale ndi kusanjikizana kwa dothi, anati ayi. Makoma a Garstang anali akale koposa, ndipo mzindawo unapsa cha m'ma 1550. Ndiye kuti pa nthawi yomwe amati Yoswa anafika, panalibe linga loti n'kugwa. Mu 1990 Bryant Wood anatsutsa zimenezi, koma mu 1995 akatswiri atayeza mbewu zopserera za pamalopo, zaka zinagwirizana ndi mayi Kenyon.

Abale, nkhani yotere ungaiyambe bwanji kwa nkhalamba yoti Buku Lopatulika imagona nalo kumutu? Ndinakhala nayo chaka chathunthu. Tsiku lina tikutongola chimanga ndinangoti laponda lamphawi, ndinawauza.

"Amuna anga," anatero mondiseka, "mayi wakoyo analipo?"

"Ayi agogo, koma mapale sanama."

Anangoti zii. Pofuna kuwagonjetsa, ndinatsegula Yoswa mutu 6 n'kuwerenga mpaka kumapeto, ndime zomwe iwo sankatiuza: kuti mumzindamo anapha onse, amuna ndi akazi, ana ndi nkhalamba, ng'ombe ndi abulu zomwe, kusiyapo Rahabi ndi abale ake. Mawu anga anayamba kunjenjemera. Agogowa anaika m'manda ana atatu.

"Pamenepo ndimadumphapo dala," anatero chapansipansi. "Ndiye ukuti mwina sizinachitike?"

"Dothi likutero."

"Ana aja sanaphedwe?"

"Ngati mayi Kenyon analondola, ayi."

Anatola chisononkho china, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Aa, ndiye Mulungu alemekezeke," anatero.

Usiku womwewo ndinawamva akusimbira adzukulu ena pamkeka uja. Linga linagwanso, gumu!