Tidanyamula Fanta, madzi tidaiwala

Abale anzanga a pamsika, sabata ino ndale ziyambe zapuma. Ndikufuna ndikusimbireni za ulendo umene udatsala pang'ono kutitayitsa mwana pa Mtengowanthenga.

Amayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi mu msika waukulu wa Lilongwe. Chikulire changa sindidawaonepo akupuma, pokhapokha pagwe maliro kapena malungo awagwetse. Ndiye mu Okutobala 2023 a malume, amene amakonza galimoto ku Biwi, adabwera ndi nzeru zawo. Adali atangodzutsa Land Cruiser yakalekale imene idakhala pamiyala zaka ziwiri. Ati tiyeni tonse tikagone ku nkhalango ya Ntchisi masiku awiri, m'matenti, ngati azungu.

Amayi adaseka mpaka misozi. "Achimwene, tenti ndi ya pamaliro kapena ya anthu amene madzi awakokolera nyumba. Ine nyumba ndili nayo. Nanga tomato wanga akaola mundilipira ndinu?" Samanama ayi, pakuti chaka chomwecho namondwe Freddy adali atasiya anthu ambirimbiri m'matenti kum'mwera. Koma amayi adabadwira ku Ntchisi konko, ndipo madzi saiwala khwawa. Mnzawo wa benchi loyandikana atavomera kuwagulitsira, adalola.

Tidalipo asanu ndi mmodzi: a malume ndi akazi awo, amayi, ine, mlongo wanga ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 4. Katundu ndiye osanena. Matenti awiri obwereka, mbaula, thumba la makala, ufa, nkhuku ziwiri, kireti ya Fanta. Madzi? Kachigubu kamodzi ka malita 5 basi. Pamenepo n'kuti a zanyengo akuchenjeza pa wayilesi kuti kutentha kufika madigiri 44 ku chigwa cha Shire. Ife tidati zimenezo n'za ku Nsanje, kwathu kuno n'kumapiri.

Tidapangana kunyamuka mbandakucha, koma dizilo adatichedwetsa, moti tidadutsa pa Kanengo dzuwa lili paliwombo. Msewu wa M1 udali ukukonzedwa, ndiye titapitirira Lumbadzi tidayamba kudya fumbi. Tidatseka mawindo onse. Nyenje zili kulira, ife thukuta lili kamukamu.

Tikulowa pa Mtengowanthenga tidangoona nthunzi ili tolotolo kuchokera m'boneti. A malume adaimika pambali. Ine, pofuna kuoneka wochangamuka, ndidathamangira chotsekera cha rediyeta. Adandigwira dzanja. "Iwe, usayerekeze! Madzi amenewo akuwira ndipo apanikizika. Ukatsegula akusupula nkhope." Tidadikira injini izizire, ndipo adapeza kuti paipi ya madzi yang'ambika kumapeto. Adadula pong'ambikapo, n'kumanga ndi waya, n'kuthira kachigubu kathu konse ka madzi akumwa.

Tonse maso adali pa galimoto. Mwana uja tidamusiya akugona kumpando wakumbuyo, mawindo ali chitsekere, poganiza kuti tisamudzutse. Atapita amayi kukatenga chitenje adamupeza ali lobodo, milomo yauma, thupi lili ngati mbaula, akuyankha movutikira. Mlongo wanga adangoti kukuwa, miyendo n'kufa. Ine mtolankhani wodziwa kulemba za anthu ena ndidangoti kakasi, botolo la Fanta lili m'manja.

Amene adatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato pamphepete pa msewu. Adasiya malonda ake, adamunyamula mwana kupita naye pamthunzi, adamuvula malaya, adanyowetsa chitenje n'kumamupukuta thupi lonse uku akumupepeza ndi lichero. Mtsikana wake adamuthamangitsa kumjigo. Mwana atayamba kutsegula maso bwinobwino, mayiyo adasungunula masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Kenaka adati, "Bambo, musakhulupirire ine ndekha. Chipatala cha mishoni chili pompano, thamangani nayeni."

Kuchipatala adamuona ndipo adatimasula asanatisiye osadzudzula. Adatiuza kuti galimoto yotseka ikaima padzuwa imatentha msangamsanga kuposa panja, ndipo thupi la mwana limatentha mofulumira kuposa la munthu wamkulu. Adatinso zakumwa zotsekemera sizilowa m'malo mwa madzi. Palibe adayankha. Tonse tidazyolika.

Titabwerera, amayi adatulutsa ndalama pampango kuti athokoze. Mayi uja adakana. "Amayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inunso mukadatero." Atadziwa kuti onse awiri ndi a tomato, nkhani idasanduka ya mitengo ya dengu, za mavenda a m'tauni amene amagula motsika kumunda, ndi za mvula ikachedwa. Dzuwa lidapendeka akucheza.

Mwana adali asanalimbe, ndiye a malume adati lero sitipitirira. Mwamuna wa mayi uja adakatidziwitsa kwa a nyakwawa, ndipo matenti athu tidakhoma pabwalo pawo, pafupi ndi nkhokwe. Ana a m'mudzi adatizungulira kufunsa ngati kwagwa maliro. Amayi adandiyang'ana: "Sindidanene ine?" Nkhuku imodzi idathera pomwepo, mabanja awiri mbale imodzi.

M'mawa mwake tidanyamuka tambala woyamba, zigubu zinayi za madzi a pamjigo zili m'galimoto. Pa Mponela a malume adagula paipi ina, n'kukhotera kum'mawa ku Ntchisi. Kupitirira pa boma msewu ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika, ndipo apa ndi pamene Land Cruiser ija idaonetsa ntchito yake.

Nkhalango ya Ntchisi muione ndi maso. Kungolowamo, kutentha konse kumatsala kunja. Mitengo italiitali, zilambe zolendewera, timitsinje toyenda ngakhale m'chilimwe, anyani akulumpha m'mwamba. Pafupi pake pali nyumba ya alendo imene idamangidwa mu 1914 kuti akuluakulu a boma la atsamunda azithawirako kutentha kwa kunyanja. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 makolo awo ankabisala m'nkhalangomo pothawa nkhondo za Angoni. Pamalo okwera mumaiona nyanja cha ku Nkhotakota kukakhala kowala.

Madzulo amayi adakhala pamwala nthawi yaitali, akuyang'ana mapiri a kumbali ya Dowa, ambiri ali mbee ngati mutu wometa. Adati ali mtsikana mapiri ngati amenewo adali ndi masuku, ndipo kumtsinje sikudali kutali. Kenaka adaloza thumba lathu la makala. "Mthunzi uja udapulumutsa mdzukulu wanga dzulo, tikuuphikira nsima." Sadaonjezere kanthu, ndipo ine ndidasowa choyankha, chifukwa makalawo ndidagula ndine.

Ndiye inu anzanga amene mumakwera malole ndi ana pamsana kukapikula katundu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mverani za ife opusa. Nyamukani kusanatenthe. Madzi akumwa akhale apadera, a galimoto apadera. Mwana asatsale m'galimoto yotseka ngakhale mphindi zochepa. Akafooka, pamthunzi, chitenje chonyowa, kenaka kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Tidabwerera Lolemba. Mwezi wotsatira kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo dizilo wa ulendo wina adangokhala maloto. Koma amayi, omwe aja ankati tenti ndi ya pamaliro, amawafunsabe a malume kuti galimoto ija ili bwanji. Ndipo akamapita kukapikula cha ku Mponela, amatsika pa Mtengowanthenga ndi paketi ya shuga.