Kwa mphwanga wa ku Eindhoven

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti chikukwezere pantchito kuti uziyang'anira anzako, tulo sukuona. Akuti anyamata ako amangokuitana ndi dzina ngati munakulira m'nyumba imodzi, ndipo mtsikana wina anakuuza pamsonkhano, onse akumva, kuti dongosolo lako silithandiza. Undikhululukire, ndinaseka, pakuti zomwezi ndinaziona ine, kungoti zinali chadodolido.

Ndili mu ofesi yoona za antchito pakampani ina ku Limbe, kunabwera bwana wochokera ku Netherlands komweko. Tsiku lina anasintha mashifiti, nafunsa ngati panali wotsutsa. Tonse zii. Akapitawo anangoti "tamva bwana," manja ali kumbuyo. Iye anatuluka akumwetulira. Lolemba lake anthu ambiri a shifiti ya usiku sanabwere, chifukwa nthawi imene anaikayo maminibasi a ku Bangwe amakhala atasiya kuyenda, ndipo aliyense m'chipinda muja ankadziwa. Anapsa mtima, amvekere tamunamiza. Ife tinkati tamulemekeza. Za maliro ndiye usanene: sankamvetsa kuti munthu mmodzi angaike bwanji amayi ake kawiri, kapena chifukwa chake kampani igule bokosi n'kutulutsanso lole.

Pambuyo pake ndinamva za Geert Hofstede, wa dziko lomwelo, amene anasanthula mayankho a antchito a IBM m'maiko ambiri kuyambira 1967 mpaka 1973, natulutsa buku mu 1980. Poyeza kutalikirana kwa bwana ndi wantchito, Netherlands anaipatsa 38, maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Zambia, 64, Malaysia 104. Manambalawa usawameze ngati mankhwala, anachokera m'kampani imodzi ndiponso kalekale. Koma chimene akuloza ndinachiona ndi maso.

Kumeneko kutsutsa bwana si mwano, n'chimene anawalembera ntchito. Ngakhale lamulo lili mbali yawo: kampani ya anthu 50 kapena kuposerapo iyenera kukhala ndi bungwe la antchito, ondernemingsraad, ndipo pa nkhani ngati maola ogwirira ntchito bwana sasintha kanthu bungwelo lisanavomere. Wantchito akadwala, kampani imamulipirabe osachepera 70 peresenti ya malipiro mpaka zaka ziwiri, ndipo iwe suloledwa kumufunsa chimene akudwala. Pamenepo usamale, poti kwathu kuno kusafunsa ndiye nkhanza.

Choncho mtsikana uja usamusungire chakukhosi. Muitane, umufunse pamene dongosolo lako laphonya, ndipo ngati wanena zoona uvomere pagulu pomwepo. Ulemu wako suchepa. Uope amene angoti chete. Nawenso uleke kuyamba nkhani ndi moni wautali ndi kuzungulira ngati ankhoswe. Ukati "mwina tingaonenso" iwo amamva kuti zonse zili bwino. Ngati ntchito yaipa, nena kuti yaipa, ndi tsiku loti ikonzedwe.

Koma chimodzi cha kwanu usachitaye. Wina akaferedwa, pita ukamupepese, ngakhale anzake angotumiza khadi. Bwana wa ku Limbe uja, atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anachezera nafe pamoto pa maliro a mlonda wathu ku Chiradzulu, ndipo mpaka lero amene tinali naye amamukumbukira ndi usiku umenewo.

Mwezi wamawa ndi tsiku lako lobadwa. Kumeneko keke ya ku ofesi amagula ndi mwini tsiku, ndiye usakhale n'kudikira. Azakhali ako akupereka moni.

Ndine,
Malume ako