Sikelo Yoyezera Mphunzitsi wa Zilankhulo Ziwiri

Chaka chilichonse ogwira ntchito m'boma la Mozambique amaunikidwa, ndipo kuunikaku kumatsata ndondomeko ya SIGEDAP, imene inavomerezedwa mu 2009. Ife ophunzitsa aphunzitsi timayezedwa, inunso mudzayezedwa mukadzayamba ntchito ku Majaua kapena kwina m'boma la Milange. Malikisi amenewa si a masewera, pakuti amakhudza kukwezedwa pantchito. Chimene chimativutitsa maganizo ndi ichi: kodi woyezayo amayang'ana chiyani?

Fomu imaona msanga zinthu zowerengeka: kufika nthawi yabwino, kukonzekera phunziro, kulemba kaundula. Zonsezi n'zofunika, koma sizifika pamtima pa ntchito yathu. Kalasi imene ana akhala chete, kubwereza mawu a Chipwitikizi amene sakuwamva, imaoneka ya mwambo. Kalasi imene ana akutsutsana m'Chichewa za chifukwa chake mtsinje wa Ruo umasefukira m'dzinja imamveka ngati phokoso. Woyeza wosadziwa chilankhulo cha anawo akhoza kuyamika yoyambayo ndi kudzudzula yachiwiriyo, ndipo mphunzitsi wanzeru, poteteza malikisi ake, amabwerera ku Chipwitikizi chokhachokha. Woluza ndi mwana.

Kumbukirani kuti njira yathuyi inayesedwa kale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 pulojekiti ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu za boma. Si kuphwanya mwambo kuphunzitsa m'chilankhulo cha mwana.

Tsono ife tikamaonerera phunziro timadzifunsa mafunso atatu. Kodi walankhula kwambiri ndani, mphunzitsi kapena ana? Kodi mwana angafotokoze m'mawu akeake chifukwa chake 12 kuchotsa 5 patsala 7? Kodi Chipwitikizi chalowa pa nthawi yake, chitatsamira pa zimene mwana wamvetsa kale? Tikatha timakhala pansi ndi mphunzitsiyo, iye n'kuyamba kulankhula, ife pambuyo, ndipo timagwirizana chinthu chimodzi choti akonze tisanabwerenso.

Sikelo yomweyo iyenera kutiyeza nafenso. Digiri ya ku Universidade Pedagógica siikwanira ngati wophunzira wathu atuluka asanaphunzitsepo masamu m'Chichewa. Pa misonkhano ya ZIP pemphani anzanu odziwa chilankhulochi kuti akuonerereni, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo woyeza akadzafika, mudzamuonetse makope a ana anu asanatsegule fomu yake.