Mkuyu wa pa Sukulu ya Kwathu

Mkuyu umene unali pakati pa bwalo la sukulu ya kwathu anaugwetsa, ndipo pamalo pake pamangidwa chipinda chophunziriramo, chokhala ndi kanjira kasimenti kotsetsereka pakhomo, kuti mwana woyenda pa njinga ya olumala alowe yekha popanda womunyamula. Ndinayamika pochiona, pakuti nchinthu choyenera ndithu. Koma mtima unandibwezera ku chaka cha 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana a sukulu m'dziko muno nachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni.

Chisanadze chaka chimenecho, ife amene atate athu ankakolola kafodya tinali kupita kusukulu m'mamawa, tikumapatukirana m'njira ndi anzathu opirikitsa ng'ombe kudambo ndi atsikana osenza mitsuko, osadzifunsa konse chimene iwo analakwa. Mwana wosaona, mwayi ukamugwera, ankatengedwa kupita kutali, ku sukulu ya ku Chilanga kapena ya ku Lulwe, wosamva ku Mua kapena ku Maryview. Amene mwayi unamulambalala ankakulira kuseri kwa nyumba, kumene amake ankamuthamangitsira pakamveka odi wa mlendo.

Tsono fizi itatha onsewo anatulukira, ndipo popeza zipinda zinachepa, mkuyu uja unawalandira, pakuti pansi pa mtengo palibe chitseko kapena masitepe oletsa munthu. Ndikumbuka mnyamata wina amene poliyo inamupuwalitsa miyendo, womanga zidutswa za tayala m'mawondo, amene tinkasinthana kumukankha pa wilibala monga anthu anayi aja a mu Uthenga Wabwino ananyamulira mnzawo pamphasa. Ndipo iye, pobwezera, ankatithandiza samu zimene zinatikanika. Anyamata oyamba kumera ndevu anakhala pafumbi limodzi ndi tiana ta Sitandade 1, Msilamu ndi Mkhristu nabwerekana pensulo yothyola pakati, pamene mphunzitsi, wongomaliza kumene Folomu 4, anali kulemba pa bolodi lotsamira tsinde. Alipo onena kuti maphunziro analowa pansi masiku amenewo, ndipo sindiwatsutsa, pakuti mvula ikagwa tinkabalalika, buku limodzi tikuliwerenga khumi. Koma sindinaonenso nthawi ina imene mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unakhala wamoyo chotere pakati pa ana.

Lero malamulo alipo: la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012, ndi chigamulo cha khoti lalikulu ku Zomba cha 2023 cholola ana a Chirasta kulowa m'kalasi osameta, ku koleji ya Montfort nako akuphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Chondiwawa nchakuti mwana wa mayi wamasiye ankabwezedwabe pakhomo chifukwa cha ndalama ya chitukuko, ndipo wosaona, ngakhale amulowetsa, amatha teremu ali kumbuyo kwa kalasi, manja ali pamiyendo, kudikira buku la Braille.