Za Kondowole, Nsima ya Kumpoto

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za kondowole, nsima ya chinangwa imene Atonga a ku Nkhata Bay ndi anansi awo a m'mbali mwa nyanja amadya tsiku ndi tsiku. Ena osaizolowera amaiseka, nati ndi ulimbo. Koma ine amene ndinaleredwa nayo ndinena kuti m'nsima imeneyi muli nzeru yosunga moyo.

Chinangwa si mbewu ya makolo athu akalekale ayi. Kwawo ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anachiolotsa nyanja yamchere m'zaka za m'ma 1500. Tsono chinangwa chowawa chili ndi ululu wokhoza kupha munthu. Chifukwa chake agogo anga, atachikumba ndi kuchisenda, ankachiviika m'madzi masiku anayi kapena asanu kufikira chitafewa. Pamenepo ankachitsuka, nachiyanika pa thandala, nachisinja, nasefa ufa. Kalata sankaidziwa, komatu chala ndi mphuno zinkawauza kuti ululu wachoka.

Musayese kuti uwu ndi mwambo chabe. M'chaka cha 1981 chilala chinagwa ku Nampula, m'dziko la Mozambique. Anthu, popanikizidwa ndi njala, anafulumira kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo, ambiri a iwo amayi ndi ana. Nthendayo, yotchedwa konzo, ikagwira munthu simsiya.

Kuphikanso kondowole ndi luso lalikulu. Madzi akawira, mayi amathira ufa, naphula mphika, naupana ndi mapazi, navundula ndi manja awiri kufikira thukuta litatsika. Akatero amaomola ndi chipande, nasalaza mtanda kuti uwale. Pambali pake pakhale batala kapena usipa, ndi chigwada chochokera m'munda womwewo. Mwana wa ku Chintheche, ngakhale akalambire ku Johannesburg, fungo limeneli saliiwala.

M'chaka cha 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima ya Amalawi m'kaundula wa chuma cha anthu onse. Tinakondwera ndithu, koma kaundula sagwira mthiko. Nzeruyi ikhala m'manja, ndipo manja akapita kumanda asanaphunzitse ena, yatayika basi.

Kotero inu amayi, popita koviika chinangwa musasiye ana kunyumba. Akhudze, anunkhize, awerenge masiku pamodzi ndi inu. Ndipo inu abambo, anyamata nawonso muwalole ayese mthiko, pakuti njala siyang'ana kuti uyu ndi mwamuna. M'mera mpoyamba.