Phiri la Soche lomwe ndinalipeza

Ndinatsika basi ku Blantyre m'chaka cha 1969, ndili mtsikana wongolowa kumene m'banja, mtolo wa zovala uli pamutu. Malemu agogo anu aamuna anali atapeza kanyumba ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche. Adzukulu anga, phiri mukuliona lili tetete ngati mutu wometa mpalali, ine ndinalipeza lili bii ndi mitengo.

Munali misuku, miombo, ndi mibawa m'makhwawa. Mvula ikagwa tinkalawirira kukazula bowa, ndipo masuku ankangogwa okha, ana n'kumatola mpaka malaya kuthimbirira. Anyani ankatsika kudzatibera mondokwa. Kamtsinje kochokera m'phirimo sikankaphwa ngakhale mu Okutobala. Madzi ake anali ozizira mpaka mano kuwawa, ndipo ukawerama unkaona nkhanu ikuyenda pansi. Nkhuni tinkatola zouma zokhazokha. Mlonda wa nkhalango akakupeza ndi nkhwangwa, nkhwangwayo inkapita, iwe n'kutsala ndi mlandu.

Nyengo nayo inkasunga pangano. Chizimalupsa chinkabwera mu Okutobala, mvula yodzalira mu Novembala, chiperoni mu Juni ndi Julaye. Mu Januwale kunali tsiku lodzala mitengo dziko lonse, ndipo mwana aliyense wasukulu ankausamala mtengo wake. Azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuona ngati chimbudzi chili ndi chivundikiro, ngati pali dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale.

Musandimve molakwa. Sindikulirira masiku a makadi achipani ndi kunong'onezana. Zambiri tinkazichita chifukwa cha mantha, ndipo pa riferendamu ya 1993 ine ndinavotera nyali ya zipani zambiri, mtima uli mbee. Chondiwawa n'chakuti mantha atachoka, palibe anabwera kudzaika chisamaliro m'malo mwake. Mitengo ya paini ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka zowerengeka, tikuona ndi maso. Kwathu kuno minda inayamba kukwera, kenaka mauvuni a njerwa, kenaka oswa miyala, mapeto ake nyumba zenizeni pamalo poti ngakhale mbuzi imaponda mosamala.

Ifenso tili ndi gawo lathu, pakuti makala ndagula ndipo mbaula yanga ndi iyo ili apoyo. Koma mayi wa ana asanu aphikire chiyani pamene magetsi sanamufike, ndipo kumene anafika amangozimazima? Apa m'pamene boma linayenera kuima. Maboma asinthana kuyambira 1994, lililonse ndi malonjezo ake. Lamulo la nkhalango la 1997 lilipo, koma matumba a makala amalowa m'tauni usana ndi usiku. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, bwalo lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani mukaone mitsinje ya Mudi ndi Naperi: majumbo, matewera ndi madzi akuda onunkha. Chaka ndi chaka akuluakulu amadzala kamtengo pamaso pa atolankhani, n'kusamba m'manja, n'kukwera galimoto. Pofika Juni kamtengo kaja kauma.

Ndiye kunabwera kolera. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa, n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Kuno mpopi ukauma masiku atatu, amayi amatenga zigubu kukatunga pachitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi, chifukwa mwana sangagone ndi ludzu. Mnzanga amene ndinkatola naye nkhuni kuyambira utsikana anayamba kutsegula m'mimba madzulo, pofika mawa lake anali atapita. Sitinamusambitse, sitinagone pasiwa. Anamukulunga m'pulasitiki, anthu ovala magolovesi n'kukamuika, ife titaima patali ngati alendo.

Misozi isanaume, mu Malichi 2023, kunafika namondwe Freddy. Mvula inagwa masiku osakata. Usiku tinamva mkokomo ngati magalimoto ambiri akutsika pamodzi, ndipo kutacha tinapeza matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zitadutsa pamene panali makomo a anzathu. Anyamata ankakumba ndi makasu, ena ndi manja, kufunafuna abale awo. Dziko lonse, omwalira ndi osowa anaposa 1,000. Mu 1991 madzi atakokolola midzi ku Phalombe tinkati Napolo wadutsa, ngati nkhani yakutali. Ulendo uno anadutsa pakhomo pathu, ndipo panalibe muzu woti n'kugwira dothi.

Akuti chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ng'oma zaka 30. Ophunzira akuti utsi wa mafakitale a maiko olemera watenthetsa dziko lapansi, n'chifukwa chake anamondwe akula mphamvu ndipo mvula yasokonekera. Ndikuvomera, ndipo eni utsiwo alipire. Koma kulondera nkhalango, kupezera anthu malo abwino omangapo, kuchotsa zinyalala ndi kubweretsa madzi aukhondo ndi ntchito ya boma lathu lomwe, limene timalivotera ndi kulipatsa msonkho.

Inu atsogoleri, musadikire maliro kuti mubwere ndi matumba a ufa ndi mabulangete. Bwerani lero ndi mipopi yotuluka madzi, alonda a nkhalango olipidwa bwino, ndi chophikira chimene wosauka angakwanitse. Ndipo inu adzukulu anga, wofuna voti yanu mumufunse za madzi ndi za phirili, asanakupatseni nsalu. Mvula ikubwerayi aliyense adzale msuku kapena mbawa, authirire mpaka ugwire. Ine mthunzi wake sindidzaukhala, koma ana anu adzagona m'tsinde mwa Soche opanda mantha.